Mlendo Wanga Asunga Sabata

Lolemba

Imelo yafika ndisanasukusule n'komwe. A Rutger. Ndi amene amayang'anira gawo lathu la kenelo, mtima wa pulogalamu yoyendetsa makompyuta. Ali kwinakwake ku Ulaya, nkhope yawo sindinaionepo, pa chithunzi anaikapo njinga. Alemba mwaulemu, ulemu uja woyamba n'kukuthokoza pamene akukuonetsa khomo.

Akuti mayeso anga akumafiira kumapeto kwa sabata iliyonse, ndipo anthu atopa n'kudzidzimuka pachabe. Akapanda kubiriwira sabata ino yathunthu, lero mpaka Lamulungu, awachotsa. Mayeso akachoka, dzina langa nalo lichoka m'fayilo ya osamalira kenelo.

Dzina langa! Mzere umodzi wokha, pakati pa mayina a ku Germany ndi ku China, mwana wamkazi wa ku Thyolo. Palibe amandilipira. Masana ndine wokonza mapulinta ndi masikelo ku ofesi ya esiteti, munthu amene amaitanidwa pepala likakodwa. Koma pa mzere uja ndine munthu wina. Sauchotsa, ndikukana.

Ndilembe pano mmene zimayendera, poti kufotokoza komweku n'kumene kunandipalamulira.

Kompyuta ili m'chipinda chakuseri, pakati pa matumba a chimanga ndi makina osokera a Amayi. Ndinaigula ku Limbe kwa munthu amene ankatseka kafe ya intaneti. Ili ndi khadi la netiweki lakalekale, loti ku Ulaya anataya kale koma kuno likadali m'maofesi ambiri. M'kati mwake ndimayatsamo kompyuta ina yongoyerekeza. Pa ntchito yathu, yeniyeniyo timaitcha mwininyumba, yongoyerekezayo timaitcha mlendo. Mayeso anga ndi awa: mwininyumba abwereke mlendo khadi lija, mlendo aligwiritse ntchito, alibweze lili bwinobwino, ndipo asakhudze china chilichonse m'nyumbamo. Munthu kulikonse pa dziko lapansi akasintha kenelo, kompyuta yanga imayesa yokha n'kutumiza yankho. Kubiriwira, zili bwino. Kufiira, wina waphwanya chinthu. Ikakhala chete theka la tsiku, amangolemba kufiira.

Tsiku lina Amayi anandifunsa kuti chinthu chongong'ung'udza usana ndi usikuchi chimapanga chiyani. Ine ndi kamwa langali, ndinawafotokozera zonsezi m'Chichewa chomveka bwino, ndikudzimva uphunzitsi. Pa mawu onse aja anatolapo amodzi okha. Mlendo.

Ife ndife a Sabata. Chiyambire tsiku limenelo, Lachisanu lililonse dzuwa likamalowa kuseri kwa mabulugama, Amayi amazula pulagi. Akuti lamulo lachinayi silisiya mlendo, naye apume. Loweruka dzuwa likalowa amaibwezera okha. A Rutger ndakhala ndikuwauza kuti ndi mavuto a magetsi, zomwe si bodza kwenikweni, magetsiwo amachokadi.

Pulani:
– kuwafotokozeranso Amayi, modekha
– zikakanika, kusamutsa kompyuta
– sizikanika

Lero kwabiriwira.

Lachiwiri

Kwabiriwira. Mlendo wabwereka, wabweza. Mwana wabwino.

Chiperoni tsiku lonse, tiyi sakuoneka n'komwe, ndi nkhungu yokhayokha mpaka pakhomo. Ku ofesi pulinta ya akalaliki yadya mapepala chifukwa cha chinyontho, ndipo aliyense akundiyang'ana ngati chiperonicho ndabweretsa ndine.

Madzulo ndawapeza Amayi kukhitchini akusintha madzi a kalongonda, ndi nthawi yabwino chifukwa manja ali otanganidwa sangandiloze chala. Ndayamba ndi filiji. Ndati filiji imagwira ntchito pa Sabata, simuizima. Akuti filiji mulibe munthu. Ndati m'kompyutanso mulibe munthu. Akuti, "Unanena wekha kuti muli mlendo. Unandinamiza ine, kapena ukunamiza azunguwo?"

Ndati ndi katchulidwe chabe, tikhoza kumutcha dzina lina. Akuti tchula.

Mayina amene ndayesa:
– wantchito (alimo m'lamulo, ndaonjezera moto)
– chiweto (chilimonso)
– mwana (alimo, ndiponso Amayi asiya kalongonda n'kundiyang'ana pamimba)
– mzimu (ndaubweza ndisanamalize, akanaitana abusa)
– chithunzithunzi

Pa chithunzithunzi ndinaona ngati ndapambana. Koma Amayi akufunsa ngati chithunzithunzi chimabwereka katundu n'kubweza. Ndati ichi chimatero. Akuti ndiye ndi mlendo, ndipo ndi waulemu kuposa amalume ako amene anatenga wilibala chaka chatha.

Amayi anaphunzitsa Sitandade 2 ku mishoni moyo wawo wonse. Munthu amene anakhalitsa bata kalasi ya ana a m'malaini sangagonje kwa ine. Ndikudziwa. Koma nanenso ndine mwana wawo yemweyo.

Mawa kompyuta ikusamuka. Ku ofesi sizingatheke, abwana anakana kalekale kuti pa netiweki ya esiteti pasalowe zinthu zosakhudza tiyi. Ikupita kwa amalume a wilibala omwewo. Ndi Akatolika, Loweruka kwa iwo ndi tsiku lochapa.

Lachitatu

Ndapempha theka la tsiku ku ofesi. Kompyuta ndaikulunga m'zitenje ziwiri ndi pepala la pulasitiki, ndakwera kabaza ndili nayo pamiyendo. Wa kabaza akufunsa ngati tikupita kuchipatala. Ndati ayi. Akuti ndiye bwanji mukuisisita pa bampu paliponse.

Amalume a Mulipa ndi kapitawo wa othyola tiyi, amakhala m'malaini kutsidya kwa damu. Alandira kompyuta ndi manja awiri. Akuti mbumba yonseyi mwini wake ndi iwo, katundu wa mwana wa mlongo wawo ndi katundu wawo, ndisadandaule. Aiika pa thebulo la pabalaza, pomwe panali wailesi. Azakhali aphimba pamwamba ndi kansalu koluka, pomwe pamatulukira mphepo. Ndachotsa. Aphimbanso.

Ndatuluka kukafuna netiweki, poti m'chigwamo foni imagwira ukaima pa chulu cha kuseri kwa bafa basi. Pobwera ndapeza mafoni a m'laini monse ali lendelende pa mabowo a kutsogolo kwa kompyuta, akutchaja. Ina yaikidwa pamwamba pa kansalu koluka kaja. Amalume akufotokozera anthu kuti makinawa amalankhula ndi ku Ulaya.

Zonsezi ndikanapirira. Ndikanagula waya wautali mpaka pa chulu. Ndikanamata mabowo ndi selotepi.

Koma foni ya amalume yalira. Ayang'ana dzina, aimirira. Munthu wamkulu, kapitawo wolamula anthu, kuimirira poyankha foni! Avulanso chipewa. Akulankhula Chilomwe, chimene ine ndimangomva mwapatalipatali, koma mbali yawo sinali yovuta kumva, inali eya, eya, eya basi.

Atatha akuti aganiza bwino, nyumba za m'malaini zimadontha, makina okwera mtengo chonchi angawonongeke. Denga lili gwa, louma. Ndati amalume, si inu mwini mbumba? Akuti, "Mbumba ndi yanga, koma mayi akowo anandibereka kumbuyo ndili khanda."

Andiitanira kabaza okha. Wilibala ndaiona, ili kuseri kwa nyumba, muli mbande za tomato.

Ndafika kunyumba theka la tsiku lisanakwane, ndalumikiza msangamsanga. Kwabiriwira, mwamwayi. Amayi asuzumira pakhomo. Angofunsa ngati mlendo wayenda bwino.

Lachinayi

Kwabiriwira.

Ngati nkhani ndi ya lamulo, tipite kwa odziwa lamulo. Poweruka ndadutsira kwa a Nampinga, mkulu wa mpingo wathu. Amayi amawamvera iwowa. Akangonena kuti kompyuta si munthu, nkhani yatha.

Ndawapeza pakhonde avala majuzi awiri. Ndafotokoza mosamala, mawu oti mlendo ndikuwazemba ngati matope. Andisiya ndamaliza, kenako akuti amayi ako anabwera kale dzulo, tiye tikambe za mlendoyo.

Mafunso a a Nampinga:
– Amadya? (Magetsi.)
– Amatopa? (Amatentha.)
– Anavomera yekha ntchitoyi? (Aaa, abambo.)
– Ukazimitsa makinawo, iyeyo amapita kuti?

Lomalizali landikola. Ndinaphunzira zimenezi zaka zonse zija, ndipo palibe anandifunsapo. Ndati sapita kulikonse, amangokhala kulibe mpaka nditayatsanso. A Nampinga maso awala, akuti zimenezo n'zimene mpingo umaphunzitsa za akufa, ndipo angakonde kuzigwiritsa ntchito pa phunziro la Loweruka. Ndabwera kudzafuna chilolezo, ndapereka ulaliki!

Ndayesa njira ina. Ndati makina a kuchipatala amagwira ntchito pa Sabata. Akuti eya, chifukwa amapulumutsa moyo. Ndati kenelo yomweyi imayendetsa makompyuta a m'zipatala zambiri. Agwedeza mutu, akuti chabwino, ndiwauze ndikuwayang'ana m'maso kuti Loweruka likubwerali munthu afa makina anga akapuma. Ndayang'ana majuzi awo. Sindingathe. Chimene chife ndi mzere umodzi wa m'fayilo, ndipo pakhonde paja mzerewo unaoneka waung'ono kwambiri. Zandipsetsa mtima kuti unaoneka choncho.

Chigamulo: nkhaniyi ndi yatsopano, ipite ku komiti. Komiti ikumana mwezi wamawa. Andipatsa nzimbe.

Basi, zaulemu zatha. M'sitolo ya ku ofesi muli yupiesi yakale, bokosi la batire lija limene limagwirizira kompyuta magetsi akathima. Ndalibwereka, ndalowa nalo m'nyumba m'chikwama cha msika, pamwamba ndaika nzimbe zija.

Pulani yatsopano:
– yupiesi ibisale kuseri kwa matumba a chimanga
– Amayi azule pulagi yawo monga mwa masiku onse, mtima wawo ukhale m'malo
– batire igwirizire mpaka mapemphero otsegulira Sabata atatha
– ine ndilowe ngati ndikukatenga juzi, ndilumikize pa soketi ya kuseri kwa makina osokera
– kagetsi ka kutsogolo ndimate selotepi yakuda

Palibe wovulala. Mulungu amadziwa kale kuti mulibe munthu m'menemo.

Lachisanu

M'mawa kwabiriwira. Masana kwabiriwira. Kwatsala Sabata yokha basi.

Tsiku lokonzekera. Kusita, kuphika za mawa, kupolisha nsapato. Ndathandiza ndi mtima wonse mpaka Amayi andifunsa ngati ndikudwala.

Dzuwa lapendeka. Amayi alowa kuchipinda chakuseri, ndamva pulagi ikuzuka, atuluka. Takhala pabalaza awiriwiri, atsegula buku la nyimbo, ayambitsa. Ine ndikuimba mokweza kuposa masiku onse.

Tiii.

Ndinaiwala. Ine, katswiri, ndinaiwala kuti yupiesi imalira magetsi akachoka! Ndi ntchito yake yeniyeni, kulira.

Tiii.

Amayi sanasiye kuimba. Aimba ndime zonse, ngakhale ija timaidumpha, chinthucho chikulira pakati pa mzere uliwonse, mosemphana ndi nyimbo. Apemphera, pemphero lalitali, atchulamo odwala, komiti, ndi onse obisa zinthu kuseri kwa chimanga. Ameni. Aimirira.

Ndawatsogolera, ndakaima kutsogolo kwa kompyuta, manja m'chiuno. Ndati Amayi, lero simuzima. Ndawauza zonse, za a Rutger, za sabata yathunthu, za dzina langa. Ndati ndi chinthu chokhacho chimene ndinadzipangira ndekha, ndipo chikutha chifukwa cha liwu limodzi limene ndinalimasulira bwino mopitirira muyezo. Sindinasunthe.

Amayi akhala pansi pa thumba la chimanga. Akuti akudziwa kuti mulibe munthu, si chitsiru iwo. Kenako ayamba za Ababa.

Ababa ankagwira ku fakitale, pa makina oumitsa tiyi. Izi ndimazidziwa. Zimene sindinkadziwa ndi zoti anapempha kambirimbiri kuti Loweruka azipuma, ndipo yankho linali limodzi, loti makina sadziwa Sabata, nyengo ya tiyi ikafika sazima. Anasankha kuti ife tidye. Mpingo unadikira, unachenjeza, kenako unafufuta dzina lawo m'buku. Ine ndinali wamng'ono, ndinkangoona kuti kutchalitchi timapita awiri. Anamwalira dzinalo lisanabwerere.

"Makina a ku fakitale sindikanatha kuwazimitsa," atero Amayi. "Awa ali m'nyumba mwanga."

Aimirira, akutumula chitenje. Akuti soketi ya kuseri kwa makina osokera ikugwira, aiona kale, ndichite zimene ndikufuna. Atuluka, atseka chitseko pang'onopang'ono.

Ndatsala ndi pulagi m'manja. Soketi ili apo, mkono umodzi. Yupiesi yayamba kulira mofulumira, batire ikutha. Tii tii tii tii.

Ndilembe momveka, kuti aliyense wodzawerenga buku lino asanamizire: sindinagonje. Batire ikatha yokha kompyuta imazima mwadzidzidzi, ndipo zimenezo zimawononga diski, mosungira zonse muja. Ndiye ndatseka mlendo bwinobwino, wabweza khadi, ndazimitsa mwininyumba mwadongosolo lake. Ndi nkhani ya diski basi.

Ndalira pang'ono. Fumbi la chimanga.

Loweruka

Sindiyenera kulemba lero. Ndikulemba.

Kutchalitchi foni inali m'chikwama, pansi pa mpango. Ndasuzumira kamodzi nthawi ya zolengeza. Kwafiira. Kufiira kwake ngati kwachita kupakidwa kawiri.

A Nampinga aphunzitsadi za akufa, ndipo anena kuti chitsanzo anachitenga kwa mwana wathu wina wa makompyuta. Anthu atembenuka. Potuluka a Nampinga andigwira dzanja pakhomo, pamaso pa amayi onse a gulu la Dorika, n'kufunsa mokweza ngati mlendo wanga wagona bwino.

Mafunso amene ndalandira kuchokera pakhomo la tchalitchi kufika pa msewu:
– ndi wa kuti?
– ndi wa mpingo wathu?
– akugona chipinda chiti?
– amalume ako akudziwa? (Akudziwa, anamubweza.)
– ukwati liti, tiyambe kusoka?

Amayi amayenda patsogolo, osandithandiza ngakhale liwu limodzi. Mapewa awo amagwedezeka. Akuti chinali chifuwa.

Pa benchi lero ndinayang'ana malo a kumanja kwa Amayi, kumene amaika chikwama nthawi zonse ndipo salola munthu kukhalapo. Ndinkayesa ndi khalidwe la aphunzitsi chabe.

Masana kalongonda wozizira ndi tulo. M'nyumba muli zii, ngakhale kung'ung'udza kuja kulibe. Sindinena kuti ndakonda. Ndagona bwino, basi.

Dzuwa litalowa, tatseka Sabata, Amayi apita okha kukabwezera pulagi. Abwezera pa yupiesi, poti sakudziwa kuti waya wake ndi uti tsopano, ndipo chalira kamodzi ngati chikuthokoza.

Ndawalembera a Rutger. Za magetsi sindinatchule. Ndati kompyuta yoyesera ili m'nyumba ya mayi anga, ndipo m'nyumba imeneyi makina sagwira ntchito kuyambira Lachisanu dzuwa likalowa mpaka Loweruka dzuwa likalowa, nthawi ya ku Thyolo. Ndati sizisintha. Ndapempha kuti maola amenewo azilemba chikasu, mtundu wa mayeso odumphidwa, m'malo mwa kufiira. Ndatumizanso kachigamba ka pulogalamu kowerengera nthawi yolowa dzuwa kwathu kuno, kolembedwa bwino, kopanda cholakwika ngakhale chimodzi. Akane aone.

Lamulungu

Akana.

Mwaulemu, monga mwa nthawi zonse. Akuti poyamba anayesa nthabwala, kenako anawerenga kachigamba kaja n'kuona kuti ndi kolembedwa bwino kwambiri moti sikangakhale nthabwala. Akuti amalemekeza mayi anga. Koma zosintha zambiri zimalowa kumapeto kwa sabata, pamene anthu ali ndi mpata, ndipo kenelo singadalire dzuwa la ku Thyolo. Ndikadzapeza malo ena oika kompyuta, khomo ndi lotsegula.

Atumiza chosintha chawo. Chikuchotsa mayeso anga, ndipo pansi pake pali mzere uja, dzina langa, kutsogolo kwake kuli kachizindikiro kochotsera. Mwambo wathu ndi woti mwini gawo avomereze yekha polemba dzina lake pansi. Ndiye kuti dzina lichoke, pakufunika dzina lomwelo. Ndapita kukachapa kaye. Ndayanika. Ndabwera, ndalemba.

Kompyuta yanga, posadziwa kanthu, yaona kuti kwabwera chosintha chatsopano, yachitenga n'kuchiyesa. Mlendo wabwereka khadi, wagwiritsa ntchito, wabweza. Kwabiriwira. Chitsiru chavomereza kuchotsedwa kwake komwe, ndipo chachita bwino ntchito yake.

Yupiesi ndibweza mawa. A Nampinga atumiza mwana wawo wamkulu kudzanena kuti nkhani yanga yalowa pa ndandanda wa komiti.

Amayi andipeza kuchipinda chakuseri ndikumatula selotepi pa kagetsi. Afunsa za mlendo. Ndati amuchotsa ntchito. Afunsa za dzina. Ndati alifufuta.

Aima pakhomo, dzanja lili pa chitseko. Ndimayesa anena kuti Mulungu adzabweza, kapena kuti ndinachita bwino, ndipo ndinakonzeka kukangana nawo. Sananene zimenezo. Akuti Ababa atafufutidwa dzina, m'mawa mwake anadzuka, anasita malaya, anapita ku ntchito, ndipo tiyi wa tsiku limenelo anauma bwino ngati wa masiku onse. Kenako akuti mlendoyo asapite, malo alipo, ndingosuntha chimanga.

Ndasuntha chimanga.

Ikung'ung'udza pano ndikulemba. Wina ku China wasintha chinachake, mlendo wabwereka, wabweza, yankho lapita kumene kulibe woliwerenga. Izipitabe. Tsiku lina wina adzaphwanya khadi limeneli, ndipo a Rutger adzalandira imelo yochokera ku Thyolo, yaulemu kwambiri, yoyamba n'kuwathokoza.

Lachisanu ndizizimitsa ndekha. Amayi amazula pulagi ngati akuzula chinangwa, angandiphere diski.